Buku Lopanda Chidindo

M'dziko la Zilibwino munalibe munthu wodandaula, pakuti kudandaula kunathetsedwa ndi lamulo m'chaka chachiwiri cha ulamuliro wa Mfumu Ndanena Wachiwiri. Wanjala ankati akupumitsa mano, ndipo wopanda nsapato ankati akulimbitsa zidendene. Alendo ochokera kutali ankabwerera kwawo akusirira, amvekere sanaonepo anthu okhutira chotero.

Mumzinda waukulu wa Tavomera, kuseri kwa msika wa Tipirire, kunali nyumba ya mabuku ya ufumu wonse. Amene ankaiyang'anira anali Mayi Telezia Nasimango, mayi wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, amene anakhala pa ntchitoyo zaka makumi awiri ndi zitatu. Kunyada kwawo konse kunali pa kabati ya madilowa makumi anayi imene inali pafupi ndi khomo. M'madilowamo munali makhadi, buku lililonse khadi lake: dzina la buku, wolemba, masamba angati, likunena za chiyani, ndipo likupezeka pa shelefu iti. Kumapeto kwa buku lililonse kunali kapepala komata, ndipo munthu akabwereka bukulo, Mayi Nasimango ankamenyapo chidindo cha tsiku. Ankakhulupirira makhadi awo kuposa mmene ankakhulupirira abale awo ena, ndipo abalewo ankadziwa.

Mwa mabuku onse, limene ankalikonda ndi mtima wonse linali buku lalikulu lakale lotchedwa Matenda a Ziweto ndi Machiritso Ake. Anthu ankangoliti Dotolo. M'dziko lonse linalipo limodzi lomwelo, ndipo dokotala wa ziweto womaliza anali atathawira kunja kalekale, ati chifukwa cha kukhutira. Choncho mwini nkhuku zodwala chitopa, mwini nkhumba yokana madeya, mwini ng'ombe yodzaza nkhupakupa, onse ankathamangira kwa Dotolo. Masamba ake anali atada ndi zala. M'mphepete mwake alimi a zaka zambiri anali atalembamo zawo: "Izi zinandithandiza." "Izi ndi zabodza, yanga inafa." "Muwonjezere phulusa." Poopa kuti wina angapite nalo osabweza, bambo ake a Mfumu Ndanena analamula kuti bukuli limangidwe ndi tcheni pa tebulo la pazenera, lisatuluke mpaka kalekale. Ndiye kuti silinabwerekedwepo ngakhale kamodzi, ndipo kapepala kake ka kumapeto kanali koyera mbee, kopanda chidindo.

Mashelefu apatsogolo onse anali odzaza ndi buku lina, la chikuto chofiira, lotchedwa Mawu Agolide a Mfumu Ndanena. Analipo mazana atatu ofanana. Bukuli linali ndi lamulo lakelake: aliyense wolitsegula aliwerenge atagwada, ndipo asadzuke mpaka atamaliza mutu wonse. Anthu ankaidziwa bwino Mfumu yawo, kuti ikayamba kulankhula m'mawa, amayi ankatumiza uthenga kunyumba kuti ana asawadikire chakudya chamasana. Palibe amene anali ndi mawondo otayira pa zimenezo.

Komabe buku lofiirali ndi limene linkabwerekedwa kuposa onse, ndipo chifukwa chake chinali chodziwika kwa aliyense kupatula okhala kunyumba yachifumu. Chaka china Mfumu inatolera miyala yonse yachitsulo ya pasikelo kuti aisungunule n'kuumba chifanizo chake. Chitsulo chinathera m'mawondo, moti mpaka lero pachipata cha nyumba yachifumu pali nsapato ziwiri zazikulu ndi miyendo, ndipo odutsa amazivulira chipewa. Amalonda anatsala ndi masikelo opanda miyala. Kenaka Mayi Nagama, ogulitsa nyemba ndi mpunga, anatulukira kuti buku la Mfumu limalemera kilo imodzi ndendende. Kuyambira pamenepo msika wonse unalembetsa kunyumba ya mabuku. Ogula ankati, "Ndipatseniko Mfumu imodzi ya nyemba," kapena, "Mpungawo ukhale Mafumu awiri." Milungu iwiri iliyonse amalonda ankabwera pamzere kudzadinditsanso, ndipo Mayi Nasimango ankamenya chidindo mpaka dzanja kuwawa.

Zinthu zikanapitirira chomwecho mwamtendere pakadapanda a Sipiliyano Kadzuwa, Nduna ya Ziwerengero ndi Kuombera M'manja. Iwowa anapita kumsonkhano wa masiku atatu kunja kwa dziko, ndipo anabwerako ndi chikwama chatsopano komanso nzeru imodzi. Nzeruyo inali yakuti mabuku ali ngati antchito: alipo akhama, alipo aulesi, ndipo ziwerengero ndi zimene zimawasiyanitsa. Analamula Mayi Nasimango kuti awerenge zidindo zonse za zaka zisanu, buku ndi buku, n'kubwera nazo kubwalo la Mfumu.

Mayi Nasimango anawerenga sabata yathunthu, ndipo anawerenga moona, chifukwa bodza pa khadi ankaliona ngati tchimo. Tsiku la bwalo anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kukaima pamaso pa Mfumu ndi nduna zake khumi ndi ziwiri, zonse zonenepa mofanana ngati zikudyera mbale imodzi.

"Tiuzeni, mayi," anatero a Kadzuwa, "ndi buku liti limene anthu a Zilibwino amalibwereka koposa?"

"Mawu Agolide, Bwana Nduna. Zidindo zikwi makumi atatu ndi zinayi."

Nduna zinaomba m'manja mpaka a Kadzuwa atakweza chala, pakuti kuyambitsa ndi kuletsa kuomba inali ntchito yawo. Mfumu inapukuta kamsozi.

"Ndinkadziwa kuti ana anga amandikonda," inatero, "koma sindinkadziwa kuti amandiwerenga chotere. Kodi amati chiyani za bukuli?"

"Amati ndi lolemera, Mfumu yanga," anayankha Mayi Nasimango, maso ali pansi. "Amati popanda ilo msika sungayende."

Mfumu inakondwa kwambiri, ndipo pomwepo inatulutsa lamulo. Buku lililonse lopanda chidindo m'zaka zisanu ndi laulesi. Pakutha pa mwezi lichotsedwe chikuto, likwezedwe pawilibala, likagulitsidwe kumsika ngati mapepala okulungira zitumbuwa, kuti mabuku akhama apume bwino pamashelefu. A Kadzuwa anatambasula mndandanda wa mabuku aulesi, ndipo pamwamba penipeni panali Dotolo.

Mayi Nasimango anasendera pafupi. Anagwada.

"Mfumu yanga, pepani, ndilankhuleko. Buku limenelo si laulesi. Limawerengedwa kuyambira m'mawa mpaka potseka. Lilibe chidindo chifukwa ndi lomangidwa ndi tcheni, silituluka."

"Ndiye mwavomera nokha kuti silituluka," anatero a Kadzuwa. "Zaka zonsezi langokhala pazenera kuothera dzuwa."

"Ndiloleni ndilimasule, anthu alibwereke, mwezi uno womwe lidzaza zidindo."

"Kuphwanya lamulo la malemu bambo a Mfumu? Mayi, samalani pakamwa."

"Nanga bwerani mudzaone masamba ake mmene adera ndi zala za anthu."

"Litsiro si chiwerengero," anatero a Kadzuwa, ndipo mawuwa anawakomera okha mpaka anawabwereza kawiri kuti mlembi awalembe bwino.

Umu ndi mmene Dotolo anagwidwira pakati pa malamulo awiri. Lamulo loyamba linkamuletsa kutuluka, ndipo lachiwiri linkamulanga chifukwa chosatuluka. Njira yokhayo imene boma linkamulola kudutsira pakhomo inali ya pawilibala.

Mayi Nasimango anabwerera kudzera mumsika. Chimene chinkawapweteka kwambiri chinali chakuti mpeni wophera Dotolo anaunola ndi iwo eni, ndi ziwerengero zawo zoona zija. Atafika pabenchi la Mayi Nagama anangodzigwetsa pathumba la nyemba n'kufotokoza zonse.

"Ndiye nkhuku zanga zikadzayamba kusinza ndidzapite kwa yani?" anafunsa Mayi Nagama. "Kwa a Kadzuwa?"

"Ndaganiza zolikopera, asisi, koma mapepala ndiwapeza kuti? Masamba mazana asanu ndi limodzi! Ofesi yanga inalandira mapepala komaliza chaka chimene kunagwa matalala chija. Ndipo ndikalikopera, lidzakhalanso buku lopanda chidindo, lidzakwera wilibala yomweyo."

Mayi Nagama anasuzumira uku ndi uku, n'kutsitsa Mfumu imodzi pasikelo.

"Kodi inu a Nasimango, bukuli munalitsegulapo m'kati mwake?"

"Ine? Ndi mawondo angawa?"

"Tatsegulani. Musagwade, pano ndi pamsika."

Mayi Nasimango anatsegula. Tsamba loyamba linali chithunzi cha Mfumu. Kenaka panali mawu a Mfumu, moni yekhayekha, kupatsa moni nduna iliyonse ndi maudindo ake onse, mpaka tsamba lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi. Atatembenuza tsamba lotsatira anapeza loyera. Linanso loyera. Anapitiriza mofulumira mpaka kuchikuto, ndipo monsemo munalibe ngakhale kadontho ka inki. Wosindikiza mabuku, munthu wodziwa bwino dziko lake, anaona kuti palibe chifukwa chowonongera inki pa masamba amene sadzaonedwa ndi munthu.

"Onse ali chonchi?"

"Onse. Langa linagwa pasikelo chaka choyamba chomwe n'kutseguka, ndiye tinayang'ana enawo."

"Bwanji simunanene?"

"Tinkayesa ndi mmene Mfumu inafunira," anatero Mayi Nagama. "Ena mpaka ankati chigawo choyeracho ndiye pamene inalankhula bwino kwambiri."

Mayi Nasimango anachita manyazi aakulu. Pa khadi la bukuli analemba ndi dzanja lawo kuti lili ndi masamba mazana anayi a malankhulidwe, chifukwa ndi zimene kalata ya a Kadzuwa inanena. M'kabati yawo yonse ya madilowa makumi anayi, bodza linalimo limodzi lokha, ndipo linali litakhalamo zaka zisanu ndi zinayi. Koma manyaziwo asanathe, nzeru inawafikira. M'manja mwawo munali mapepala oyera, olimba, osokedwa bwino, m'mabuku mazana atatu amene lamulo linkawateteza, amene ankaloledwa kutuluka, ndiponso odzaza kale ndi zidindo.

"Asisi," anatero pang'onopang'ono, "lamulo lija likuti wowerenga bukuli agwade. Kodi likunenapo kanthu za wolemba?"

Mayi Nagama anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Atapuma anafunsa funso limodzi lokha, loti ngati inki siiwonjezera kulemera, chifukwa iwo sankafuna kubera anthu kapena kudzibera okha.

M'mawa mwake Mayi Nasimango anachita chinthu chimene sanaganizepo kuti angachite pa moyo wawo. Kuti anthu ambiri akopere nthawi imodzi, Dotolo anayenera kugawidwa. Anatenga lezala, n'kudula ulusi wa kumsana kwa bukulo, mutu ndi mutu. Misozi inagwera pa tsamba la nkhumba. Zaka makumi awiri ndi zitatu anakhala akukalipira aliyense wopinda ngakhale kangodya ka tsamba, lero wong'amba anali iwo.

Kwa milungu itatu nyumba ya mabuku inadzaza. Amalonda ankasinthana, wina kutsala pabenchi, wina kukalemba. Kunabwera ogulitsa nyama, osoka nsapato, aphunzitsi opuma ntchito, ngakhale alimi ochokera kumidzi amene anamva nkhaniyi m'makutu okhaokha. Aliyense ankalandira mutu umodzi wa Dotolo ndi Mfumu imodzi, n'kuyamba kulemba pa tsamba lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri. Mayi Nasimango analamula kuti akopere zonse, pamodzi ndi za m'mphepete zomwe, mpaka "yanga inafa" ija. Iwo ankazungulira ndi magalasi awo pamphuno, kufananiza mzere ndi mzere, ndipo wolakwitsa muyeso wa mankhwala ankabwereza tsamba lonse ngakhale anyinyirike. Kumsana kwa buku lofiira lililonse kunali nambala, choncho analemba makhadi atsopano: Chitopa, onani Mawu Agolide nambala 1 mpaka 40. Nkhupakupa, nambala 41 mpaka 70. Kutupa mimba, nambala 71 mpaka 95. Aka kanali koyamba kuti makhadi a buku la Mfumu anene zoona.

Wapolisi wina anasuzumira tsiku lina, naona anthu makumi asanu ataweramira mabuku a Mfumu ali chete. Anavula chipewa n'kubwerera m'mbuyo mwakachetechete, kuopa kusokoneza anthu okonda dziko lawo.

Pakutha pa mwezi wilibala inafika, a Kadzuwa ali patsogolo ndi gulu loimba malipenga. Anamasula tcheni, nachotsa chikuto, ndipo anayamikira Mayi Nasimango chifukwa chowachepetsera ntchito podula ulusi okha. Kumsika anaika masambawo pasikelo ya Mayi Nagama, ndipo mbali inayo anayamba kusanjikiza mabuku ofiira.

"Akulemera bwanji waulesiyu?" anafunsa a Kadzuwa, osayang'ana n'komwe pasikelo.

"Mafumu anayi ndi theka, Bwana Nduna," anayankha Mayi Nagama.

Anthu anatsokomola onse nthawi imodzi pobisa kuseka. Mayi Nasimango sanaseke nawo. Anaima pambali kuyang'ana masamba akuda aja akugawidwa kwa ogulitsa zitumbuwa ndi tchipisi. Mawu onse anali atapulumuka, koma zala za anthu amene anagwira masambawo, ambiri a iwo malemu, sizikanakopereka. Analira poyera osabisa, ndipo a Kadzuwa analemba mu lipoti lawo kuti woyang'anira mabuku analira ndi chimwemwe.

Patapita miyezi inayi, nkhani zodabwitsa zinayamba kufika kunyumba yachifumu. Akazitape ankati Mawu Agolide afika mpaka kumidzi. Ankati aona ndi maso awo anthu atagwada m'makola, m'ndowe zenizeni, buku la Mfumu lili m'dzanja limodzi, mwendo wa mbuzi uli m'dzanja lina. Mayi wina anaimitsa galimoto la Mfumu pamsewu n'kufuula kuti mawu a pa tsamba la makumi asanu ndi limodzi anadzutsa nkhumba yake. Mfumu sinadabwe kwenikweni, koma inafuna kumva zambiri, ndipo inaitanitsa Mayi Nasimango kubwalo, abwere ndi buku limene zidindo zake zaposa onse.

Linali nambala 83. Analinyamula atalikulunga m'nsalu.

"Mayi," inatero Mfumu, "ndalankhula zambiri pa moyo wanga, sindingakumbukire zonse. Tiwerengereni mawu amene ana anga amawakonda koposa."

Mayi Nasimango anagwada, monga mwa lamulo. Akanatha kutsegula masamba oyambirira n'kuwerenga moni uja, koma buku linatseguka lokha pamene linazolowera kutsegulidwa, pa tsamba lothimbirira ndi zala. A Kadzuwa, amene anaima pafupi, anatalikitsa khosi. Anaona zolemba za pamanja, za bolopeni, zopendekeka. Pakamwa pawo panatseguka. Kenaka anakumbukira kuti amene anayang'anira kusindikiza kwa bukuli anali iwo, ndiponso kuti analumbira pabwalo lomweli kuti analiwerenga katatu kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Pakamwa paja panatsekeka bwinobwino.

Mayi Nasimango anakonza magalasi awo n'kuwerenga mokweza:

"Chiweto chikadya mopitirira muyeso, mimba imatupa ngati ng'oma, ndipo chimangolira osafuna kusuntha. Musanyengedwe ndi kulirako n'kuchiwonjezera chakudya. Chichotseni pamsipu, muchiyendetse, ngakhale chikane. Mukachimvera chisoni n'kuchisiya chigone pamene chadyerapo, khola lonse lidzavutika nacho."

Nduna zinayang'ana chala cha a Kadzuwa kuti zidziwe ngati ndi poombera, koma chalacho sichinagwedezeke. Mayi Nasimango ankadziwa kuti Mfumu ikangoti ione tsambalo, mabuku onse mazana atatu apita pamoto, ndipo Dotolo afa kachiwiri, ulendo uno osadzukanso.

Mfumu inatseka maso nthawi yaitali. Itatsegula, inayendetsa maso pang'onopang'ono pa mimba khumi ndi ziwiri zimene zinali pamzere kumanja kwake.

"Ndakumbukira," inatero. "Mawu amenewa ndi anga ndithu. Ndinawalankhula mophiphiritsa, ndipo ndikudabwa kuti anthu wamba anandimva pamene eni nkhani sanamve. A Kadzuwa, inu munawerenga katatu. Kodi si mawu anga amenewa?"

"Ndi anu enieni, Mfumu yanga," anayankha a Kadzuwa ndi mawu ang'ono. "Ine ndi pamene ndimapakonda kwambiri."

"Mlembi, lemba. Mawu aliwonse opezeka m'kati mwa mabuku ofiirawa ndi opatulika. Wofufuta ngakhale chilembo chimodzi, wong'amba ngakhale tsamba limodzi, wayambana ndi ine. Lembanso kuti kuyambira lero chakudya chamasana cha nduna chathetsedwa, magalimoto awo atsale pano, ndipo zizibwera ndi kubwerera wapansi."

Mayi Nasimango anadzuka mawondo akulira, koma mtima uli mbee ngati wa mwana. Dotolo tsopano anali ndi chitetezo chimene buku lina lililonse silinakhalepo nacho m'dziko la Zilibwino, ndipo womuteteza anali yemweyo amene anamuweruza.

Anatuluka pachipata dzuwa lili paliwombo, buku lili m'khwapa. Patsogolo pawo nduna khumi ndi ziwiri zinkatsika msewu wafumbi wopita kumsika, majekete ali pamapewa, thukuta lili kamukamu, ndipo amalonda anali atayamba kale kutuluka m'mabenchi kudzaonerera. A Kadzuwa anachepetsa liwiro mpaka analingana nawo. Anayenda limodzi pang'ono, Nduna ikupumira m'mwamba.

"Mayi Nasimango," ananong'ona potsiriza, "inu amene mukulidziwa bwino bukuli. Likuti kuyendaku kukhale mpaka liti?"

Mayi Nasimango anaima, natsegula nambala 83, nayendetsa chala pamzere mosamala, pakuti sankakonda kuyankha za m'mutu.

"Likuti mpaka mimba itaphwa, Bwana Nduna."